Pikapu ya Ulendo wa ku Ntchito

Galimoto yokhala ndi bodi yotsegula kumbuyo ili ndi maina ambiri. Ku Johannesburg ndi ku Harare amati bakkie, ku Lusaka ndi ku Chipata ambiri amati vaneti, ku Tete amati carrinha, pomwe ku Lilongwe ndi ku Blantyre ndi pikapu. Maina ndi osiyana, koma galimoto zake kawirikawiri zimachokera kumodzi: Toyota Hilux imapangidwa ku Prospecton kufupi ndi Durban, Ford Ranger ku Silverton mu mzinda wa Pretoria, ndipo Isuzu D-Max ku Gqeberha. Chinanso chofanana konseko n'chakuti munthu akangogula pikapu yatsopano, aphungu amamuchulukira. Aliyense amadziwa chimene chikusowa pa galimotoyo, ngakhale amene sadagwirepo chiwongolero.

Zoterezi zidawagwera bambo ena a zaka za m'ma 40, owerengera ndalama pa ofesi ina ku City Centre mu mzinda wa Lilongwe, amene adamanga nyumba kwawo kwa akazi awo kufupi ndi Nathenje. Kwa zaka zambiri ankayendera kagalimoto kakale kotsika mimba, kamene dzinja lililonse kankakhula pansi pa kamsewu kafumbi kochoka kunyumba kukalowa mu msewu wa M1. Atasunga ndalama, n'kuwonjezera ngongole ya kubanki ya zaka zisanu, adagula Hilux ya zitseko zinayi, ya injini ya dizilo ya malita 2.4, yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Atalipira inshuwalansi, manambala ndi zina zonse zaboma, padatsala kangachepe. Funso lidali lakuti kangachepeko kagwire ntchito yanji pa galimotoyo.

Woyamba kuyankha adali mlamu wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Usiku womwewo adatumiza zithunzi pa WhatsApp za mapikapu okwezedwa m'mwamba, a matayala a mano akuluakulu, a chitsulo chakuda kutsogolo chija amati bull bar, ndi mzere wa nyali zowala padenga. Pansi pa zithunzizo adalemba kuti, "Alamu, galimoto yanuyo ikadali maliseche. Ivekeni." Mnyamata wa pasitolo ina yogulitsa zokongoletsera galimoto adawonjezera zake: magalasi akuda, chitsulo chonyezimira kuseri kwa kabini, ndi kachipangizo kolumikiza ku kompyuta ya injini kuti mphamvu zichuluke. Amalume a kumudzi nawo adali ndi lawo. Iwo ankafuna zitsulo zazitali m'mbali mwa bodi kuti chimanga chizikwera chambiri, ndi kuti pa maliro anthu azipeza pogwira.

Bambowa sadakane munthu. Ntchito yawo idawaphunzitsa kuti ndalama isadatuluke munthu amayamba waona mabuku, choncho adagula kope laling'ono n'kuliika m'galimoto. Kwa mwezi wathunthu ankalemba kumene apita, makilomita ake, ndi zimene anyamula. Mwezi utatha, kopelo lidanena zoona zosakometsera. Kuchoka kunyumba kukafika ku ofesi adali makilomita 32, ndipo mwa amenewo atatu okha ndi amene adali afumbi. Kupita ndi kubwerera kwa masiku 22 kudakwana makilomita 1,408. Bodi idanyamula katundu kanayi kokha: matumba a feteleza, simenti, mbatata za ku Dedza ndi bedi la mwana. Ngakhale ulendo wautali umene banjali limayenda chaka ndi chaka, wopita ku Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa mwezi wa August, ndi wa phula pafupifupi wonse, kudzera pa chipata cha Mchinji ndi Mwami. Galimoto imene mlamu ankaiveka idali ya m'chipululu. Imene idaima pakhomo idali ya munthu wodzuka mbandakucha, wodutsa pa Nanjiri ndi pa mphambano ya ku Bunda, n'kukaima pa mzere wa galimoto polowa m'tauni.

Nkhani ya matayala ndiyo idayamba kugwa. Galimotoyo idabwera ndi matayala olembedwa 265/65 R17, ndipo mlamu ankanena za 285/70 R17. Manambalawa si okongoletsa chabe. Yoyamba ndi kufufuma kwa tayala m'mamilimita, yachiwiri ndi msinkhu wa khoma lake poyerekeza ndi kufufumako, ndipo yachitatu ndi kukula kwa limu m'mainchi. Atawerengera, bambowa adapeza kuti tayala loyamba ndi lotalika mamilimita 776, lachiwiri mamilimita 831. Kusiyanako ndi pafupifupi 7 pa 100 iliyonse. Tayala lalikulu limayenda mtunda wautali likazungulira kamodzi, koma geji ya liwiro siidziwa zimenezo chifukwa imangowerenga kuzungulira. Motero pomwe kale geji ikaloza 80 galimoto inkayendadi 80, tsopano ikhala ikuthamanga pafupifupi 86. Wapolisi wa pamsewu woyeza liwiro safunsa za kukula kwa matayala, ndipo mabuleki nawo amavutika kuimitsa tayala lolemera.

Padalinso za mafuta. Matayala a mano akuluakulu adapangidwira matope. Pa phula amalira, amatha msanga, sagwira bwino msewu ukanyowa, ndipo amadyetsa injini mafuta ambiri. Bambowa adayerekeza kuti zowonjezerazo zitangokweza kamwedwe ka mafuta ndi lita imodzi pa makilomita 100 aliwonse, pa makilomita pafupifupi 17,000 a ulendo wa ku ntchito pa chaka ndiye kuti apita malita 170. Thanki ya galimoto yawo imalowa malita 80. Ndiko kuti mathanki awiri odzaza ndi msempha, chaka chilichonse, pofuna kuti anthu a m'mbali mwa msewu acheuke. Munthu amene adagonapo pa mzere wa mafuta m'zaka zimene mafuta ankasowa m'dziko la Malawi satenga malita 170 ngati nthabwala. Zokweza galimoto nazo adazisiya, pakuti pikapu ndi yaitali kale, ndipo kuikweza kumawonjezera mpata woti igudubuzike dalaivala akakhota mwadzidzidzi pozemba mbuzi kapena njinga. Adatsimikiza kuti matayala oyambawo akadzatha, adzagula a msinkhu womwewo, koma a mtundu wapakati, oyenda pa phula ndi pa fumbi pomwe.

Chitsulo cha kutsogolo ndicho chidawavuta mtima, chifukwa adachikonda. Chimapatsa galimoto nkhope yaukali, ndipo chili ndi ntchito yake yeniyeni. Mlimi wa kumidzi ya ku Australia amene amakumana ndi nyama za kangaroo usiku, kapena woyenda mitunda yaitali ku Botswana kumene ng'ombe zimagona pamsewu, ali ndi chifukwa chomveka choikira chitsulocho: chimateteza rediyeta kuti asagone kutchire. Bambowa adafika mpaka pofunsa mtengo. Madzulo ake, ali pa mphasa, akazi awo adafunsa modekha kuti, "Kodi abambo, chitsulo chimenechi chimatchinjiriza ndani?"

"Chimatchinjiriza galimoto, amayi."

"Nanga wogundidwayo? Pa msewu wathuwu mumakumana ndi ng'ombe zingati, ndipo ana asukulu angati? Wathuyu amayenda m'mbali mwa msewu womwewo m'mawa uliwonse."

Sadayankhe usiku umenewo. M'mawa mwake adayenda akuwerenga ndi maso. Kuchoka pa Nathenje kukafika pa Biwi adaona ana a mayunifolomu atagwirana manja, amayi osenza madengu a tomato, anyamata okankha njinga zolemedwa ndi makala, a kabaza oyenda mokhotakhota pozemba maenje, ndi ngolo imodzi. Ng'ombe yosokera sadaione. Bampala ya pulasitiki ndi boneti ya galimoto za masiku ano zidapangidwa kuti zizifwanyika zikagunda munthu, n'cholinga choti mphamvu ina ithere mu galimoto, isathere yonse m'thupi la wogundidwayo. Chitsulo cholimba sichifwanyika, ndipo pa pikapu chimakhala pa msinkhu wa chifuwa ndi mutu wa mwana. N'chifukwa chake m'chaka cha 2005 maiko a mu European Union adakhazikitsa lamulo loti zitsulo zoterezi ziziyamba zayesedwa ngati sizivulaza oyenda pansi mopitirira muyeso. Chitsulo chowotcherera pa msika chingathenso kusokoneza tizipangizo timene timauza matumba a mpweya otchinjiriza dalaivala nthawi yoti afufume. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti mwayi woti woyenda pansi afe akagundidwa umakula kanayi ndi theka liwiro likachoka pa 50 kufika pa 65. Bambowa ataphatikiza mfundo imeneyi ndi ya geji yonama ija, adaona kuti zithunzi za mlamu zikadawasandutsa munthu woopsa pa msewu wa kwawo komwe, iwo osadziwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyali za padenga zidagwa pa chifukwa chofanana. Kutchire kopanda anthu zimathandiza, koma pa M1 zimathobwa m'maso dalaivala wa minibasi amene akubwera kutsogolo atanyamula anthu, ndipo munthu wothobwedwa m'maso saona wanjinga wopanda nyali amene ali m'mbali mwake. Magalasi akuda nawo amabisa njinga yomweyo pa nthawi ya chisisira. Chitsulo chonyezimira cha kuseri kwa kabini chimaoneka ngati chotchinjiriza galimoto ikagudubuzika, koma zambiri zimangomangidwa ndi mabawuti pa malata a bodi, ndipo ntchito yake ndi maonekedwe basi.

Za kachipangizo kowonjezera mphamvu adakafunsa makaniko wachikulire wa ku Biwi, amene ankawakonzera kagalimoto kakale kaja. Mkuluyo adapukuta manja n'kuseka. "Bwana, mphamvu mukufuna zokathamangira kuti? Pa mzere wa pa mlatho wa Lilongwe? Kachinthu kameneko kakalowa, kampani idzakana kukukonzerani injini ikavuta, ngakhale warranty isadathe. Mdani wa injini iyi si kuchepa mphamvu ayi. Ndi madzi ndi zinyalala za m'mafuta." Adafotokoza kuti injini za dizilo za masiku ano zimapopa mafuta mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo tochepetsetsa, kotero kuti mafuta a m'zigubu ogulidwa kuseri, amene nthawi zina amakhala osakaniza ndi parafini kapena madzi, angathe kuwononga mainjekita a mtengo woposa zokongoletsa zonse pamodzi. Malangizo ake adali atatu: kuthira mafuta pa malo ovomerezeka, kusintha sefa ya mafuta pa nthawi yake, ndi kuima msanga nyali yochenjeza za madzi ikayaka. Zonsezi sizidafune kugula chitsulo chilichonse.

Pempho la amalume lidali lolemera mwa njira ina, chifukwa pikapu ikafika pamudzi siikhala ya mwini yekha. Imakhala ya odwala usiku, ya maliro, ya zokolola. Bambowa sadafune kuoneka ngati mkamwini wouma mtima. Komabe adatsegula buku la galimoto n'kuwasonyeza amalumewo kuti mapikapu a zitseko zinayi amaloledwa kunyamula katundu wosapitirira kwenikweni tani imodzi, ndipo kulemera kumeneko kumaphatikiza anthu okhala m'kati ndi chilichonse chomangiriridwa pa galimoto. Akulu asanu a makilogalamu 70 aliyense atenga kale 350. Otsalawo ndi matumba 13 a makilogalamu 50, osaposa apo. Zitsulo ndi kanopi zikalemera makilogalamu 150, matumba atatu atsika. Zitsulo zazitali za m'mbali siziwonjezera mphamvu ya masipuling'i kapena ya mabuleki, zimangokopa munthu kuti apakire mopitirira.

"Ndiye pa maliro tiziyenda pansi?" adafunsa amalume.

"Iyayi amalume. Bokosi ndidzanyamula, nkhuni ndi ufa ndidzanyamula, okalamba adzakhala m'kati atamanga malamba. Koma anthu khumi ndi asanu oimirira kumbuyo pa M1 sindidzawanyamula. Kumbuyoko kulibe lamba, ndipo ndikaponda buleki mwadzidzidzi tidzalira maliro awiri."

Amalume adang'ung'udza, koma mawuwo adanenedwa poyera galimoto ikadali yatsopano, ndipo pambuyo pake palibe adadabwa nawo.

Zitatha zokana, zogula zidapezeka kuti n'zochepa ndi zosaoneka. Choyamba chidali kupopera mphira m'bodi. Feteleza amakoka chinyezi ndipo amadya chitsulo. Khasu kapena thumba la simenti likangokanda penti, dzimbiri limayambira pomwepo. Mphira wopopera amamatirira ku chitsulo, kusiyana ndi chikuto cha pulasitiki chongoyala, chimene chimalola madzi ndi mchenga kubisala pansi pake. Chachiwiri chidali lona lokwana bwino pa bodi, lotchinga mvula ndi maso a anthu galimoto ikaima m'tauni. Kanopi adaiganizira, koma adaona kuti adzakhala akuyenda nayo tsiku ndi tsiku chifukwa cha katundu wa kanayi pa mwezi, ndipo tsiku lonyamula bedi idzafuna amuna anayi oitsitsa. Adati ayambe aona chaka chimodzi.

M'kati adayalamo mamati a labala a milomo yokwera, oti matope ofiira a dzinja azitsalira momwemo. Mipando adaiveka nsalu yolimba yochapika, atafunsitsa kuti isatseke malo otulukira matumba a mpweya. Adagula manati okiya a matayala, ndi loko wa tayala lapadera, pakuti pa pikapu tayalali limalendewera kunsi kwa bodi kumene wakuba amalimasula mwini ali mu ofesi. Adaikitsa kamera yoonetsa kumbuyo, chifukwa bodi ndi yaitali ndipo mwana wamng'ono woima kuseri kwake saoneka pa galasi lililonse, pomwe pakhomo pawo ana a abale amasewera ponseponse. Kamera ina yaing'ono adaiika kutsogolo kuti izijambula ulendo, ikhale mboni pakachitika ngozi. Zamagetsi zonsezi adakaikitsa kwa ogulitsa galimotoyo, ngakhale kudali kodulirapo, kuti mawaya asadulidwe ndi munthu wongoyesa.

Zotsala zidakwana m'kabokosi kuseri kwa mpando: pampu yolumikiza ku batire, geji yoyezera mpweya, zingwe zomangira katundu, chingwe chokokera, tochi, chozimira moto, matrayango awiri, chovala chonyezimira ndi bokosi la chithandizo choyamba. Zina mwa izi apolisi amazifunsa m'misewu ya ku Zambia, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, koma bambowa adazigulira usiku umene tayala lidzaphwe pakati pa Nanjiri ndi Nathenje. Geji ya mpweya, yotsika mtengo kuposa zonse, ndiyo imagwira ntchito kawirikawiri. Pa chipilala cha chitseko cha dalaivala pali kapepala konena mpweya woyenera galimoto ikakhala yopanda katundu ndi ikalemedwa, ndipo iwo amayeza Loweruka lililonse m'mawa matayala asadatenthe. Tayala lochepa mpweya limadya mafuta, limatha m'mbali, ndipo limatentha mpaka kuphulika. Pomaliza adalembera a inshuwalansi kuwadziwitsa zonse zimene adawonjezera.

Ndalama zidatsalako, ndipo sadazipezere chogula china. Pafupifupi chilichonse cha pa galimoto chimachokera kunja, ndipo iwo ankakumbukira bwino mwezi wa November 2023, pomwe Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse, mitengo ya matayala ndi masefa n'kudumpha sabata yomweyo. Ngongole ya zaka zisanu siidziwa kuti mwezi uno kwagwa zotani. Zotsalazo adaziika padera kuti zidzalipire sevisi ndi matayala anayi oyamba.

Kusankha kotere kuli ndi mtengo wake, ndipo dzinja lidaubweretsa. Mu January mvula idagwa masiku anayi osakata, kamsewu ka makilomita atatu kaja n'kusanduka phala. Pikapu yopanda katundu imapepuka kumbuyo, kumene kuli matayala okoka, choncho imaterereka msanga kuposa momwe anthu amaganizira. Bambowa adaika matumba awiri a mchenga pamwamba pa matayala akumbuyo, n'kumakiya difu podutsa pa dambo, ndipo masiku ambiri zidatheka. Koma masiku awiri sizidatheke. Adasiya galimoto kwa mnzawo pa Nathenje, n'kuvala majombo, nsapato za ku ofesi zili m'jumbo, n'kuyenda pansi. Anyamata a pa sitolo adawaseka kuti bwana wa pikapu akupondaponda matope ngati wopita kudimba. Matayala a mlamu aja mwina akadadutsa. Iwo adawerengera kuti masiku awiri a majombo pa chaka ndi otsika mtengo kuposa malita 170, ndipo walira mvula walira matope.

Chakumapeto kwa dzinja lomwelo, mdzukulu wa amalume adadwala malungo aakulu pakati pa usiku. Pikapu idatuluka pabwalo chobwerera, kamera ikuonetsa anthu amene adasonkhana ndi matochi kuseri kwake. Mayi wa mwanayo adakhala pa mpando wakumbuyo atamufukata, amalume kutsogolo atamanga lamba, ndipo matope a kumapazi awo adatsalira pa mamati a labala. Adafika kuchipatala bwinobwino, mwanayo n'kugonekedwa masiku atatu. Pobwerera kutacha, amalume adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adafunsa ngati lona lija lingakwane kuphimba matumba khumi a chimanga mwezi wa May. Bambowa adati likwana, malinga akhale khumi.